Mwana Wovina pa Sipika

Lolemba, 3 Febuluwale

Bambo ake a Kanjuchi. Mwamuna wanga. Amene anthu amawatcha a Injiniya chifukwa amakonza masipika ndi kuwabwereketsa pamaphwando. Wandilakwira ndi iwowo. Ndalemba kuti mtima ukadzafuna kufewa ndidzawerenge.

Lero ndinaweruka msanga kusitolo, ndiye kusukulu ya mkaka mwana ndakamutenga ndine. Aphunzitsi kungondiona: "Kuchipatala kuja anati bwanji?" Chipatala chiti? Kani anawauza bambo ake teremu yatha kuti mwana satembenuka akamuitanira kumbuyo. Kawiri konse. Ine osauzidwa.

A Injiniya ndawafunsa akudya. Ati anamuyesa okha. Anayatsa nyimbo, mwana n'kukwera pa sipika yaikulu ija n'kumavina. "Wosamva angavine?" Atinso sanafune kundidetsa nkhawa. Chikondi chake chimenecho.

Lachinayi, 6 Febuluwale

Ndamuyesa ndekha. Ali pansi, akuseweretsa zitsekerero za mabotolo, ine kumbuyo kwake. Kumuitana. Zii. Kukuwa. Zii. Ndagwetsa chivundikiro cha poto pasimenti. Watembenuka, koma mochedwa, ndiponso kumanzere, ine ndili kumanja.

Zaka zitatu ndi theka. Chaka chatha ankati "nsapato" bwinobwino. Pano ndi "apato". Supuni yasanduka "upu". Apongozi ati ndi mwano basi, wotengera kwa amake.

Pabalaza mawaya ali mbwee, fungo la waya wopsa mpaka kuchipinda. A Injiniya sindikuwalankhula. Mbale patebulo, ine kukhitchini.

Lamlungu, 9 Febuluwale

Aitana achimwene awo kuti adzachitire umboni. Nyimbo mpaka mawindo kunjenjemera. Kanjuchi kuthamanga, kukwera, kugona chamimba pa sipika yaikulu, manja atatambasula, miyendo ikuvina. Alamu kuseka: "Mlamu, inu sukulu inakupwetekani. Uyu akumva kuposa ine."

Ndinangopita kumbuyo n'kuzula waya wa yaikuluyo. Timasipika tating'ono tija, totulutsa mawu a woimba, tinapitiriza kukuwa. Mwana anasiya kuvina. Anatsika, n'kuyamba kumenya bokosilo ndi kadzanja kuti lidzuke. Nyimbo ili pakati, iye kwake yatha.

Samavinira makutu. Amavinira mimba.

Alamu anakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi kopita. A Injiniya anakhala pampando, sikuludalaiva ili m'manja. Wodziwa bwino zimene timasipika tating'ono timatulutsa m'nyumba muno ndi ndani, si iwowo?

Lachiwiri, 18 Febuluwale

Chipatala. Abwana ati tsikuli adula pamalipiro. Adule.

Kachipinda kopanda windo, makoma ofewa ngati matiresi. Amuveka mahedifoni aakulu kuposa mutu wake. Masewera ake: akamva kulira m'mahedifonimo, aponye kathabwa m'ndowa. Poyamba ankaponya, akuseka. Kenako anangogwira kathabwa m'mwamba, maso pankhope ya adokotala, kudikira. Ine pampando wanga ndinkakumva kulirako kukutuluka m'mahedifoni. Iye akudikirabe. Ndinadzitsina ntchafu kuti ndisamuuze kuti ponya.

Adokotala ati khutu lakumanja latsala pang'ono kutheratu. Lakumanzere lilipo koma likutsika. Choyambitsa sanachipeze, mwina anabadwa nacho, mwina matenda a ali khanda. Phokoso lithe m'nyumba. Ndafunsa ngati kutsikako kudzaima. Ati salonjeza.

Anafunsanso kuti tinazindikira liti. Ndinayang'ana a Injiniya. Iwo anayang'ana nsapato zawo.

Loweruka, 1 Marichi

Masipika apita kwa alamu. Pasimenti patsala zizindikiro za pomwe ankakhala. Kanjuchi wafunafuna kuseri kwa sofa, pansi pa bedi. Walira mpaka kusanza. Ndipo akundiyang'ana ine ngati wakuba.

Timakina tam'makutu tothandiza kumva: tidikire. Mtengo wake sindilemba, ungandidetsere tsamba.

Apongozi abwera ndi kabotolo ka mafuta oti tizidontheza m'khutu. Ndakaponya m'bini iwo akuona. Ati sanaonepo mtengwa wotere. Ndati ayang'anitsitse, sadzamuonanso wina.

Madzulo achemwali anga, otumidwa kudzapepesera. Ati munthu amalakwa, mwamuna anachita mantha chabe, ndipo akuonda. Ndati munthu amene amamva kakunong'ona m'sipika ya eni ake ali kumsewu analephera bwanji kumva mwana wake akutaya mawu? Teremu yonse. Mawu angati anagwera m'menemo? Achemwali ati mtima wangawu udzandipha. Mwina. Koma si lero.

Lachitatu, 19 Marichi

Sindinalembe. Panalibe choti dzanja ligwirire cholembera.

Tabwererako kuchipatala. Lakumanzere latsikanso. "Amama" tsopano ndi "ama", ndipo amatchula mokuwa, osadzimva.

Atitumiza kwa mayi wina wophunzitsa ana kulankhula. Wonenepa, wamagalasi, wosathamanga. Sanafunse za makutu. Anafunsa kuti kunyumba amalankhula ndani, pakudya timacheza zotani. Ati mwana azimva ndi kuona anthu akulankhulana, pafupi, mbali ya kumanzere, milomo ili poyera, tsiku lonse. Osati kumulankhula iye yekha ayi, komanso akulu okhaokha kuyankhana. Zimene asunge panopa ndi zimene adzayambire timakina tikabwera. Kapena zimene adzatsale nazo.

A Injiniya anayankha motsitsa: "Kwathu kuli zii, mayi." Osandiyang'ana. Bola akanandiloza chala, ndikanadziwa poluma.

M'basi tonse chete. Mwana pakati, akuyang'ana pakamwa panga, kenako pa bambo ake. Pakamwa ponse potseka.

Lachisanu, 21 Marichi

Ndakhala patebulo. Mwana ndamuika pakona, khutu lamanzere kwa ife. Ndati, bambo ake, ndipatseni mchere. Supuni inawagwa.

Tacheza. Za mvula, za galu wa aneba, za abwana anga ndi wigi yawo yopendama. Ine kumwetulira mpaka masaya kuwawa. Iwo kuyankha ngati mwana wasukulu pamayeso. Kanjuchi maso uku, maso uku, chakudya kuzizira. Kenako analoza n'kunena "ele". Mchere. Bambo ake misozi. Ndinawauza, ndikumwetulirabe, kuti apukute msanga, mwana akuwerenga nkhope.

Mwana atatuluka kukasewera, iwo anayamba: "Mayi ake, za teremu ija..." Ndinati ayi. Asaone mano poyera n'kuganiza kuti zatha. Sindinakhululuke. Pakamwa pangolowa ntchito, m'mawa, masana, madzulo, mpaka pomwe khutu lija lidzatilekere.

Za teremu ija sindidzazitchulanso, kwa iwo, kwa achemwali, ngakhale muno. Mawu amene ndatsala nawo ali ndi mwini wake, ndipo nthawi yake ndi yochepa.