Mtima wa Ababa Sunali pa Levulo

Lachisanu, 9 Ogasiti

Okondedwa Achimwene,

Khalani pansi kaye, koma musadzidzimuke. Ababa ali moyo, ndipo pamene ndikulemba pano akukangana ndi anamwino kuti bedi lawo ndi lopendekeka. Ndasankha kalata chifukwa pa foni mumandidula pakamwa ngati mmene munkachitira tili ana.

Lolemba masana ndinali pa ntchito mu ambulansi ndi a Ndevu, mnzanga woyendetsa uja. Wailesi itatchula msewu ndi nambala ya nyumba, ndinazindikira pomwepo. Kwathu! Amayi ndi amene anaimba, mobisa, atadzitsekera m'bafa.

Tinapeza Ababa ali pa mpando wawo wa pakhonde, thukuta lili kamukamu, nkhope itatuwa, dzanja lili pachifuwa.

"Wakuitanani ndani? Ndi chilungulira ichi, ndamwa kale soda."

Ndinagwada n'kutulutsa timawaya ta makina ojambula kugunda kwa mtima. Ndikuti ndigwire batani la malaya, anandimenya dzanja. "Iwe! Mwana wamkazi n'kumavula bambo ake? Ulemu unausiya kusukulu?" A Ndevu, Mulungu awadalitse, anati, "Bambo, tembenukirani kuno, tithane tokha amunafe." Anawamata timawayato, ine ndikuyang'ana mpanda ngati mlendo.

Achimwene, mapepala otere ndimawerenga tsiku ndi tsiku, koma pa limeneli maso anga ankafuna kundinamiza. Mtima ukagunda, kamzere ka pa pepala kamalumphira m'mwamba, kenako kamayenera kubwerera pomwe kanachokera. Ka Ababa sikankabwerera. Kankatsakamira m'mwamba pa kugunda kulikonse. Zikatero ndiye kuti mtsempha wodyetsa mtima watsekeka, ndipo mnofu wa mtimawo ukufa anthu mukucheza. Ndinapatsira a Ndevu kuti aonenso, mwina ndi mantha anga chabe. Anangoyang'ana kamodzi n'kuthamangira machira.

"Sindipita kulikonse," anatero Ababa. "Chipatala ndi cha odwala."

Mukuwadziwa bambo anu. Amayi analira, ine ndinachonderera, ndinaopseza, koma ayi ndithu. Munthu amene mutu wake ukuyenda bwino sitimunyamula mokakamiza, ntchito yathu imatero, ngakhale akhale bambo ako. Kunena zoona ndinalakalaka kuwamanga ndi chingwe choyanikira zovala.

Kenako ndinaona levulo yawo yakale ija pa zenera, yomwe ankayezera makoma anu pokuphunzitsani kumanga, n'kukugumulitsani akapeza kuti mwakhotetsa. Ndinayala pepala pa bondo lawo n'kugoneka levuloyo motsatira mzere wapansi.

"Ababa, mmisiri ndinu. Mzere uwu uyenera kugona apa. Taonani pomwe uli."

Anavala magalasi awo. Anayendetsa chala pang'onopang'ono.

"Apa pakwera. Apanso. Wamanga zimenezi ndani?"

"Mtima wanu."

"Khoma lotere limagwa."

"Limagwa, Ababa. Lero lomwe."

Anandiyang'ana ngati wochedwetsa zinthu ndine. "Nanga ukudikira chiyani? Tenga nsapato zanga."

Ndinawatafunitsa aspirini, n'kutumiza chithunzi cha pepalalo kwa dokotala tili m'njira, moti tinapeza akutidikira pakhomo. Mtsemphawo anautsegula masana omwewo. Ine ndinakalirira kuseri kwa ambulansi, a Ndevu akunamizira kupukuta galasi loyera kale.

Tsopano imvani ichi. Ababa anandiletsa kukuuzani. Akuti muli ndi zanu zokukwanirani, ndipo mukudziwa kuti chichokereni inu mutakangana nawo paja, dzina lanu salitchula. Koma dzulo atawajambulanso, anapempha pepala latsopanolo. Analiyang'ana uku ndi uku, n'kulipinda bwinobwino, nati, "Anthu a m'chipatala muno amangosangalatsa munthu. Amene ali ndi diso langa ndi mnyamata uja yekha. Uja sanganame kuti chawongoka chisanawongoke." Atatero anandisiyira m'manja n'kutembenukira kukhoma.

Ndaliika m'kalata muno. Lawongoka, ine ndikudziwa, ndi ntchito yanga imeneyi, koma sakufuna kumva kwa ine.

Amayi akupereka moni, akuti chipinda chanu asesa kale, kaya anawauza ndani. Moni kwa alamu anga ndi ana, muwauze kuti agogo awo akadali ndi mphamvu zokalipa. Ine ndakusowani kwambiri, Achimwene, Lolemba lija ndinafuna mukanakhala pambali panga. Levulo ndaibwezera pa zenera pomwe paja. Bwerani nalo pepalali, mudzawauze nokha.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Chitsiriza wa Ababa