Zitseko Ziwiri Zoyang'anizana

Achimwene,

Landirani moni kuchokera kuno ku Samanga, m'chigwa cha Honde. Ife tili bwino, ana akupita kusukulu, koma amayi chifuwa chija chawabwerera, ndipo mwachititsa ndinu.

Nyumba ija yatha. Mmisiri watsata pulani yonse imene munajambulitsa pa kompyuta, ija munkadzitama nayo pafoni kuti mukuphunzira AI, makina oganiza okha. Mwaika chitseko cha amayi moyang'anizana ndi chathu, bafa limodzi pakati. M'mawa woyamba amayi akutuluka atangomanga chitenje pachifuwa, anakumana maso ndi maso ndi mkamwini wawo, bambo a Tendai, ali chifuwa pamtunda, akuti asambe apite kothyola tiyi. Bambowo anathawira kuchipinda, patapata mmodzi kumusiya pakhomo. Amayi anangoti, "Mwana wanga wandivula," n'kunyamula bulangete lawo.

Kuyambira tsikulo akugona m'khitchini yakale yodontha ija, ndipo mvula ya ku Honde mukuidziwa. Ndikawanyengerera amati, "Ndinachoka ku Mulanje ndi ulemu wanga, sindingautaye chifukwa cha matailosi."

Makinawo ndilibe nawo mlandu, sanakulire pakhomo pano. Koma inu munakulira pano, ndipo munkaona agogo akupatuka m'njira akaona mkamwini wawo, bambo athu, akubwera. Kukhala ku Joni kwakuiwalitsani zimenezo?

Tumizani mankhwala a chifuwa, ndipo muuze mmisiri aboole khomo lakunja la amayi. Mulungu akusungeni kumeneko. Koma musanajambulenso nyumba ya munthu, muyambe mwafunsa makina anuwo ngati ali ndi apongozi.

Ndine mlongo wanu,
Esinati