Penti wa a Zotchipa

Lolemba, 9 Juni

Namwino wofuna malo a lendi uja wabwera kudzaona chipinda chakuseri. Chitseko chinangotseguka theka, ndowa za penti zinakaniza. Anasuzumira n'kuseka mwaulemu: "Mayi, ndizigona choimirira?" Akufuna kulowa Loweruka, apo ayi atenga china pafupi ndi chipatala.

Ndawerengeranso. Ndalama za lendi ndikaphatikiza ndi chiwongoladzanja cha zomwe ndasunga zaka khumi ndi zinayi, ndikhoza kusiya ntchito mu Disembala. Maso anga atopa ndi kusaka zolakwika m'zolemba za anthu ena. Chotchinga n'chimodzi: katundu wa mwamuna wanga, a Zotchipa.

Lachiwiri, 10 Juni

Ndalowamo ndi tochi. Ndowa za penti zisanu ndi zinayi, zitatu zinauma kale gwa. Simbi zositira zinayi. Makatoni a sopo. Matayala awiri, chonsecho galimoto tilibe. Nsapato zomwe mwana anazipitirira zisanatuluke m'bokosi.

Buku lomwe ndikuwerenga limagawa anthu panayi pa nkhani ya ndalama: osunga, omwaza, amantha ndi osalabadira. Wolembayo sanakumanepo ndi mtundu wachisanu, womwaza amene amadziyesa wosunga. Bola mlamu wanga, amadya malipiro m'masiku atatu n'kuvomera yekha kuti thumba lake ndi lobooka. Koma a Zotchipa akagula chinthu chosafunika pa theka la mtengo amalowa m'nyumba ngati apha njovu.

Lachitatu, 11 Juni

Ndawauza za namwino, n'kuti katundu wawoyo achoke m'chipindamo. Iwo: "Amayi a mwana, chimenecho ndi chuma. Mitengo ikukwera. Inu ndi mabuku anuwo simuona patali." Ndinawafunsa chimodzi chomwe tagwiritsapo ntchito kuyambira chaka chatha. Anaganiza, n'kuti sopo. Sopoyo amayabwa.

Lachinayi, 12 Juni

Ndapempha tchuthi cha tsiku limodzi. Iwo atapita kuntchito ndinaitana wa hadiweya wa pakona. Watenga penti, matayala ndi simbi pa mtengo wonyozeka, koma watenga. Sopo ndagawira aneba, andikhululukire. Ndakolopa, ndatsegula zenera koyamba m'zaka zitatu.

Sanazindikire kanthu. Kuseriko amapitako pokhapokha akagula chatsopano.

Lachisanu, 13 Juni

Afika madzulo pa kagalimoto kahayala, mano onse pamtunda. "Tulukani mudzaone! Wa pakona uja wapenga, akugulitsa penti motaya."

Ndowa zisanu ndi zinayi. Ina yopindika chogwirira, ndinainyamula ndekha dzulo. Alipira kawiri zomwe ine ndinalandira. Matayala akuti akawatenga mawa.

Dalaivala potsitsa: "Bwana, zitatuzi m'kati simukugwedezeka kanthu." Iwo: "Ndiye penti weniweniyo, wosasungunula."

Ananyamula ndowa ziwiri kupita kuseri, n'kukankha chitseko ndi phazi. Chinatseguka chonse mpaka kugunda khoma. Anamwaza maso m'chipinda chopanda kanthucho. "Atibera." Ndinati ayi, ndagulitsa ine. "Kwa ndani?" Ndinangoloza ndowa zomwe zinali m'manja mwawo. Dalaivala anatembenukira kumpanda, mapewa akunjenjemera ndi kuseka.

Sanadye. Ine ndadya bwino.

Loweruka, 14 Juni

Namwino wafika m'mawa ndi masutikesi awiri ndi matiresi. Ndinapeza a Zotchipa alowetsamo kale ndowa zinayi. Ndinazitulutsa imodziimodzi iwo akuona.

"Nyumba ino ndi ya tonse," anatero, mawu ali pansi poopa mlendo.

"Zoona, bambo. N'chifukwa chake ndowazi zikupita kuchipinda kwathu, mbali yomwe mumagona inu."

Kalipentala waika loko watsopano. Makiyi onse awiri ndapereka kwa namwino, pamodzi ndi nambala ya akaunti yomwe ili m'dzina langa lokha.

Kalata yoti ndidzasiya ntchito mu Disembala ndailemba, mizere inayi, yopanda cholakwika. Ndikaipereka Lolemba. Pano ndikuwamva pakhonde akufunsa namwino kuti matiresiwo anagula zingati, ndipo atsala angati kumeneko.