Mwana wa pa Bedi Lachisanu Watuluka Osadulidwa

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino. Nanga bondo lija likuvutabe? Chonde musamanyamule ndowa yodzaza, adzukulu alipo pakhomopo. Ine kuno ndili gwa, kungoti denga likudontha pamutu penipeni pa bedi, ndipo eni nyumba akungoti mawa, mawa, ngati mawayo ndiye mmisiri.

Koma ndalemba chifukwa cha nkhani ina, ndipo chimwemwe chake chikundilepheretsa kukhala pansi.

Mukudziwa kuti ndimakolopa mu wodi ya ana kuchipatala. Lolemba lapitali, posuntha kabati ya pa bedi lachisanu kuti ndikolope pansi pake, ndinaona fomu pamwamba, pambali pake pali kabokosi ka inki yodindira chala. Sindibisa, ndinawerenga. Inali ya opaleshoni ya mwana wa miyezi isanu ndi itatu, wobadwa monga ndinabadwira ine, ziwalo zobisika zosaonetsa bwino ngati ndi zachimuna kapena zachikazi. Ankafuna kumudula Lachinayi kuti aoneke wamkazi.

Mayi wake ndi mtsikana wamng'ono, satha kuwerenga. Ndinamufunsa ngati mwanayo akudwala. Anati ayi, amayamwa bwinobwino, ndipo anangomuuza kuti pali zokonza pang'ono. Amayi, ndinapsa mtima. Mawu omwe aja anakuuzani inu zaka makumi atatu zapitazo! Ndinatsamiritsa mopu kukhoma n'kukhala pabedipo, zomwe n'zoletsedwa kwa ife okolopa. Ndinamuuza zanga zonse: chipsera, ululu pokodza mpaka lero, mapiritsi osatha aja, komanso kuti ine mwini thupi palibe anandifunsa. Sindinamuuze kuti akane. Ndinangoti asanadinde afunse adokotala ngati mwanayo angafe akapanda kumudula.

Anamwino aakulu anandipeza ndili pomwepo. Anandikalipira kuti wokolopa azidziwa za pansi, za mafomu zili ndi eni ake. Lachitatu ndinaitanidwa ku ofesi ya akulu a chipatala. Ndinalowa ndi majombo anga omwewo, ndikudziwa kuti mwina ndituluka wopanda ntchito. Ndinatengana ndi Atelala, mnzanga wa m'gulu lathu la anthu obadwa chotere, amene amadziwa za maufulu ndipo lilime lawo ndi lakuthwa kuposa sizasi yawo. Mtsikana uja analinso momwemo, mwana ali kumsana.

Adokotala, munthu waulemu ndithu, anati n'kwabwino kudula mwana akadali wamng'ono chifukwa sadzakumbukira, komanso kuti asadzasekedwe kusukulu. Ndinayankha kuti ine anandidula koma kusekedwa ndinasekedwabe, ndipo chomwe anachotsa palibe dokotala wandibwezera. Atandifunsa kuti ndikulowereranji, ndinati wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Atelala anawonjezera kuti thupi ndi la mwanayo, osati la chipatala, ngakhale la makolo. Akule, adzanene yekha.

Kenako mtsikana uja anafunsa funso lake, mawu ali pansipansi. Adokotala anavula magalasi, kuwapukuta, n'kunena kuti ayi, mwanayo sangafe, ali ndi thanzi. Pomwepo mtsikanayo anakankhira fomu ija kwa eni ake, nati mwana wake adikira.

Amayi, tinapambana! Opaleshoni anaiimitsa. Ntchito ndikadali nayo, anangondipatsa kalata ya chenjezo chifukwa chokhala pa bedi la odwala, ndipo ndaipachika kukhoma ngati satifiketi. Akulu a chipatala anatinso kumapeto a mwezi uno komiti ikhala pansi kukambirana zoti ana otere asamadulidwe pokhapokha moyo uli pangozi, ndipo akufuna kumva kwa makolo.

Pempho langa ndi limeneli: bwerani mudzalankhule. Ndikudziwa kuti nkhaniyi mumaithawa, ndipo mukaikumbuka mumadziimba mlandu. Ine mlandu sindikuimbani. Munadinda chala muli nokha, muli ndi mantha, popanda wokuwerengerani. Ingobwerani mudzanene zimenezo basi, ine ndidzakhala pambali panu.

Mundiperekere moni kwa achimwene ndi alamu, kwa azakhali, ndi kwa adzukulu anu onse. Amalume muwauze kuti kukamwa kwanga kuja ankakudandaula kwagwira ntchito.

Mwana wa pa bedi lachisanu uja anatuluka m'chipatala Lachisanu. Ndinawaperekeza mpaka pageti, ndipo mayi wake anandipatsa kuti ndimunyamuleko. Mwana wamwano ameneyu anandikodzera yunifolomu yonse uku akuseka, osamva kuwawa ngakhale pang'ono. Amene analira pagetipo ndine.

Tsalani bwino mpaka tidzaonane,

Ine mwana wanu wamakani uja