Maola a Kagalimoto Kosayenda

Lachitatu, pa 9 Okutobala

Wokondedwa mng'ono wanga,

Kalata yako inafika Lolemba, masamba atatu, mafunso asanu ndi awiri. Funso la mawondo anga ndi lako, ndalizindikira. Asanu ndi limodzi enawo, a mutu wa alamu ako ndi a kagalimoto, ali ndi fungo la mwana wathu namwino uja. Ngati wakutuma, uwerenge mpaka kumapeto usanamuimbire.

Ukudziwa kuti chidwalireni sitiroko alamu ako, adokotala anawaletsa kugwira chiwongolero, ndipo galimoto yaikulu tinagulitsa. Koma munda wa malalanje sunachepe. Kuchoka pakhomo kukafika pa mpope wa kumunsi ndi mapazi 640, pomwe mawondo anga amalola 200 okha. Ndiye mu Meyi ndinagula kagalimoto kakale ka m'munda, ka mipando iwiri yoyandikana, kopanda zitseko, kokhala ndi bokosi la katundu kumbuyo. Woyendetsa ndine. Mwana anavomera, koma anasiya mawu: tsiku limene bambo ake adzagwire chiwongolero, adzawatenga kukakhala nawo m'tauni, m'nyumba yosanja ija yopanda ndi mtengo womwe. Ukumudziwa, sanena kawiri.

Kagalimotoko kanabwera ndi matenda ake. Lamba anali atadyeka m'mbali, sefa ya mpweya itadzaza fumbi, ndipo tayala lakumbuyo kumanzere linali ndi mabawuti atatu m'malo mwa anayi. Makaniko wathu, amene anthu amangomutchula kuti Sipanala, anakonza zonsezo masiku awiri, ine nditakhala pampando pambali pake, kuwerenga zitsulo zimene akuchotsa ndi zimene akubwezera. Anati, "Amayi, mukamandiyang'ana chonchi ndiiwala ndi dzina langa lomwe." Ndinamuuza kuti dzina aiwale, koma bawuti ayi.

Ndi iyeyo anandionetsa kawotchi kali pansi pa chiwongolero. Sikawerenga mtunda, kamawerenga maola amene injini yalira, ndipo akakwana makumi asanu oyilo amasinthidwa. Ine ndinayamba kulemba ulendo uliwonse m'kope, n'kumafananitsa ndi kawotchiko Loweruka lililonse. Sabata yoyamba tinasiyana ola limodzi. Ndinati mwina ndi ukalamba. Pofika pakati pa Ogasiti, kope linkati maola 39, kawotchi kanali katawonjezera 50. Maola khumi ndi limodzi opanda mwini.

Ndinayamba kukayikira bambo woyandikana nafe, amene anapemphapo kawiri kuti abwereke. Ndiye ndikaimika kagalimoto m'shedi, ndinkalemba mzere wa choko kuchoka patayala kufika pasimenti. Masabata atatu mzerewo sunaduke ndi kamodzi komwe, koma kawotchi kanawonjezera maola ena atatu.

Apo ndinati basi, ndi Sipanala. Wakachita kena kake kuti kazithamanga, oyilo azisinthidwa pafupipafupi. Ndinapita kugalaja kwake ndi kope langa, n'kumuwerengera manambala onse pamaso pa makasitomala ake anayi. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, akupukuta manja ndi kansanza.

"Amayi, kawotchi kameneka sikadziwa kuthamanga. Injini ikulira ndithu. Makiyi mumasunga kuti?"

"Kiyi ali m'chikwama changa, usana ndi usiku."

"Nanga wachiwiri uja?"

"Kanabwera ndi mmodzi."

"Winayo ndinamupeza atamangidwa ndi waya pansi pa mpando. Inu munali mutapita kukafulula tiyi, ndiye ndinapatsa abambo."

Mphindi zisanu ndi imodzi zokha ndi zimene ndinachokapo tsiku lija.

Lachiwiri ndi Lachisanu ndimapita kuchipatala kukachita masewera a mawondo. Lachisanu lotsatira ndinatsanzika monga mwa nthawi zonse, ndinakakhala pa benchi ya pamsewu mphindi makumi awiri, kenako n'kubwerera. Zitseko zonse ziwiri za shedi zinali zotseka, injini ikulira m'kati. Nditatsegula, utsi unandilowa kukhosi mpaka ndinatsokomola. Alamu ako anali pampando wa woyendetsa, atavala chipewa chawo cha paulendo, giya ili poimika. Dzanja lofooka lija anali ataliika pachiwongolero, labwinolo litaligwirira pamwamba.

Ndinazimitsa injini n'kufunsa kuti, "Ulendo wa kuti, bambo?"

"Kulikonse ayi, aphunzitsi. Mzere wanu wa choko ndinauona. Sindinaudule."

"Nanga zitseko?"

"Uyu wa kuseriyu ali ndi makutu, komanso ali ndi nambala ya mwana."

Ndinawatulutsa panja, tinakhala pa thabwa mpaka maso awo anasiya kufiira. Mutu uja wakhala ukuwapweteka kuyambira mu Juni, umene mwana akuopa kuti ndi sitiroko ina, unali utsi. Ndinabwerera m'kope la mankhwala: panado yense anamwedwa Lachiwiri kapena Lachisanu. Zinali m'manja mwanga nthawi yonseyi, kungoti makope awiriwo sindinawaikepo pamodzi. Ndikanapitiriza kulondalonda woyandikana nafe ndi makaniko, tsiku lina ndikanawapeza alamu ako atagona pachiwongolero.

Kwa Sipanala ndinabwerera kukapepesa. Ndinadikira kufikira makasitomala atakwana anayi, kuti chipepeso chifanane ndi chipongwe. Anaseka, nati akadakhala atatu sakanalandira. Nditamupempha, mawa lake anabwera kudzazula zitseko za shedi, n'kumangitsa buleki ya pamanja, imene ili pakati pa mipando iwiriyo. Sanafunse chifukwa chake, ndipo sindikudziwa kuti akuganiza chiyani, kapena wauza ndani.

Tsopano nachi chimene sindinauze munthu. Kiyi wachiwiri ndinalanda. Masiku asanu ndi anayi alamu ako ankadya theka la mbale, ndipo kumunda anasiya kufunsa. Tsiku lakhumi ndinawatengera ku mzere wachisanu ndi chinayi wa malalanje, umene uli wowongoka, wopanda dzenje kapena chitsa, mapazi 120 kuchoka kumtunda kufika kumunsi. Ndinatsika, ndinazungulira, n'kukhala mpando winawo. Amayendetsa pa giya yotsika, liwiro la munthu woyenda pansi, ine dzanja lili pabuleki. Tikafika kumapeto timasinthana, wokhota ndine. Tachita zimenezi kakhumi ndi kawiri. Buleki ndakokapo kamodzi, ndipo mpaka lero akuti panalibe chifukwa.

Ndikudziwa zimene adokotala ananena, ndinazilemba ndekha. Ndikudziwanso kuti munthu amene wakhala m'mundamu zaka makumi anayi ndi zitatu sangathe chaka pawindo la nyumba yosanja. Sindikunena kuti ndachita bwino.

Mwana akakuimbira, umuuze kuti mutu unasiya, chifukwa zimenezo ndi zoona. Zinazo uzione wekha. Ndikadzaona galimoto yake pageti tchuthi chisanafike, ndidzadziwa, koma sindidzakufunsa.

Upereke moni kwa amuna ako ndi adzukulu onse asanu. Alamu ako akupereka moni wambiri. Ali pakhonde pano, akundifunsa kuti ndikulemba chiyani chotalika chonchi. Ndawauza kuti ndi za mawondo.

Ndine mkulu wako.