M'mimba mwa Akamwini Anga

Lolemba, 26 Ogasiti

Akamwini anga a Gibson abwerako ku kiliniki ku Katete. Awapima magazi, awapima zina zosatchula, awadinadina pamimba ngati akusankha dzungu. Palibe chapezeka. Malungo ayi, njoka za m'mimba ayi, zilonda ayi. Akuti azimwa madzi ambiri. Munthu kupalasa njinga mtunda wonsewo kukauzidwa za madzi.

Zonsezi ndamva kwa mwana wanga Edina, pakuti ine ndi a G. sitilankhulana. Mkamwini ndi mpongozi, paja. Chibwerere kuchokera kwawo ku Vubwi kudzakhala chikamwini pano, tikakumana panjira iwo amapatukira kuudzu, ine ndimayang'ana mitambo. Ulemu wotere masiku ano ngosowa, ndipo ndimawakonda nawo. Denga la khitchini anafolera osatumidwa.

Koma m'mimbamo. Edina akuti mwatupa ngati ng'oma, mukupotokola, chakudya akungochitolatola. Anabwera ali ndi thupi labwino, lero lamba aboola bowo lina.

Madokotala alephera, ndiye ntchito yagwera ine. Kunena zoona ndakondwa.

Lachiwiri, 27 Ogasiti

Jinja wosinja, ndimu, madzi ofunda. Mmawa ndi madzulo. Edina wapititsa, wabwera ndi kapu yopanda kanthu ndi uthenga: "Akuti zikomo kwambiri, akumvako bwino." Bodza laulemu. Ndawaona chapatali akuyenda chowerama ngati asenza thumba la feteleza.

A Violet, anzanga a ku Chigwirizano cha amayi kutchalitchi, abwera ndi masamba a gwafa. Masambawo ndawakana. Gwafa ngwa munthu wotsekula, uyu zake n'zomanga. Akuti, "Nanga nimu?" Kwa a Violet chilichonse ndi nimu, ngakhale munthu atathyoka mwendo. Takhala pakhonde langa kusenda nshawa mpaka dzuwa kupendeka, tikuseka anthu opita kuchigayo. Awiri apempha kiyi wa chimbudzi, ndawakaniza. Chimbudzi changa cha simenti, chitseko cha lata, sindinamangire mudzi wonse. Kiyi amakhala pamsomali pakhonde pomwepa, pamwamba pa mutu wanga, usiku ndimalowa naye m'nyumba. Wapakhomo pano akafuna amatenga, ndani wamuletsa.

Lachitatu, 28 Ogasiti

Njere za papaya zouma, zosinja, kasupuni m'phala. Masana therere lokhalokha kuti zinthu ziterereke.

Madzulo Edina wabwera maso ali ofiira. Amalume awo a G., a Rabson, ayimba foni. Kwawoko akuti mwana wawo anachoka ali bwinobwino, nanga kiliniki osapeza kanthu ndiye kuti n'chiyani? Sanatchule dzina langa, koma ndani amaphika pano? Akuti abwera Loweruka la sabata la mawa kudzamutenga, ndipo mkazi atsatire mwamuna wake.

Ine kudyetsa munthu mankhwala. Ine wa bulauzi yoyera ya Chigwirizano, amene ndimaimbitsa nyimbo pamaliro a mudzi uno. Ndaseka, kenako ndapita kuseri kwa nkhokwe kukalira pang'ono. Za dzina langa n'zazing'ono. Edina ndiye yekha wanditsalira pakhomo, abale ake onse ali ku Lusaka. Akapita ku Vubwi ndidzatsala ndi nkhuku.

Lachinayi, 29 Ogasiti

Ndanyamuka kupita ku Mkaika kwa mng'ono wanga, tikagulitse vitumbuwa pa mwambo wa Kulamba. Ndasiyira Edina papaya wosinja ndi makiyi onse.

Loweruka, 31 Ogasiti

Fumbi, ng'oma, anthu ngati nyerere. Achewa a ku Malawi, a ku Mozambiki, onse kudzagwadira mfumu yaikulu. Vitumbuwa vinatha dzuwa lisanafike pamutu.

Koma nkhani si imeneyo. Edina wayimba, mawu ali m'mwamba. "Amama, achira! Dzulo adya mbale ziwiri, lero akuimba uku akukonza khola la mbuzi."

Papaya! Ndavina pomwepo ndi beseni m'manja, anthu n'kumayesa ng'oma zandilowa. Mayi wina wa ku Dedza amene amagulitsa pafupi nane ndamufotokozera zonse, kayanikidwe, kasinjidwe, muyeso wake. Wachita kubwereza kuti asaiwale. Mng'ono wanga akuti ndikhomere chikwangwani pamsewu. A Rabson abwere, adzapeza munthu wawo akunyezimira.

Lolemba, 2 Sepitembala

Ndafika. Chapatali ndawaona a G. akutema nsungwi, msana uli chilili. Atandiona agwada komweko, manja phuphuphu. Ndagona mtima uli mbee.

Lachitatu, 4 Sepitembala

Zayambiranso. Dzulo sanadye bwino, lero agona chafufumimba pamphasa. Ndawonjezera papaya, ndaikamo adyo, mpaka nimu wa a Violet ndalola. Palibe.

Kumjigo amayi atandiona angoti zii. Mmodzi, akudziyesa akunong'ona: "Akachoka munthu achira, akabwera munthu adwala. Ife tinene chiyani?" Ndatunga madzi anga n'kubwerako. Chondipweteka n'chakuti ngakhale ine ndikanamva za wina ndikananena zomwezo.

Edina wandipatsa moni osandiyang'ana.

Lachinayi, 5 Sepitembala

Ha. Ndilembe bwinobwino.

Mmawa ndinali pamalo panga, pakhonde, ndi lichero la nshawa. Ndinawerama kutola yomwe inagwa, chipupa chachifupi cha khondelo chinandibisa. Ndikudzuka, a G. ali pakona ya nyumba, akubwera chothamanga, dzanja lili pamimba, maso ali pamsomali. Kundiona, anaima ngati aponda minga. Anatembenuka, anatola kamtengo kopanda ntchito, n'kubwerera nako ngati ndiko anadzera.

Ndinayang'ana msomali. Ndinayang'ana chimbudzi. Ndinadziyang'ana ndekha, chikhalire pakati pa ziwirizi kuyambira tambala woyamba mpaka mdima.

Mwana wa eni. Atambasule dzanja pamwamba pa mutu wa apongozi, atenge kiyi, apongoziwo akudziwa kumene akupita? Angalole kufa. Kuthengo nako kunaletsedwa m'mudzi muno, ndipo nyengo ino tchire lapsa, munthu utanjuta amakuonera kumsewu. Kumutuma Edina? Ukwati wa dzana, akadachitirana manyazi. Ndiye wakhala akungopirira, kudikira tsiku la tchalitchi kapena la Chigwirizano kuti ndichokepo. Kudya pang'ono kuja kunali kudziteteza. Ndipo ine, dokotala wamkulu, kumuthira therere ndi papaya, zofewetsa zokhazokha, kenako n'kukhala pakhomo ngati mlonda.

Ndaseka mpaka nshawa kutayika. Kenako chisoni chandigwira, chenicheni.

Tsono nditani? Kuwauza sindingathe. Kuuza Edina ndiye ndawavula pamaso pa mkazi wawo.

Lachisanu, 6 Sepitembala

Mmamawa ndinaima pabwalo n'kuyamba kukalipira nkhuku mokweza, kuti nyumba yawo imve. Ndati loko uyu wachita dzimbiri, wanditopetsa, ndikumuchotsa lero. Ndati khonde ili dzuwa lake likundiwononga maso, kuyambira lero ndizikhala kutsidya, pansi pa mango, ndipo pamenepo munthu saona chilichonse cha kuno. Nkhuku zamvetsa.

Ndakoka mphasa, ndakhala chofulatira. Sipanapite nthawi, lata lija kwee. Sindinacheuke. Ndayamba nyimbo ya Chigwirizano mokweza, mavesi onse, n'kubwerezanso.

Madzulo Edina: "Amama, akufunsa ngati mbatata yatsalako." Ndatumiza mbale yodzaza.

Mankhwala ake anali kusuntha mphasa basi. Koma mawa a Rabson ndidzawauza chiyani?

Loweruka, 7 Sepitembala

Afika pa njinga yamoto, bambo wamtali wa jekete, fumbi mpaka m'nsidze. Tinakhala pansi pa mango: iwo pampando, ine ndi Edina pamphasa, a Violet ngati mboni yodziitana yokha. A G. anakhala kuseri kwa mpanda, monga mwa mwambo, tikungoona mapazi.

A Rabson sanazungulire. "Amayi, ife sitinabwere kudzayambana. Koma tamva kuti inu mutachoka mwana anachira, mutabwera anadwala. Lero mwamva kuti tikubwera, wachiranso. Mwachotsa chiyani chimene munaika?"

Yankho linali pakamwa penipeni. Mawu awiri okha, dzina langa likanayera. Ndinayang'ana mapazi aja kuseri kwa mpanda, zala zikukanda dothi. Ndinati, "Ndinawapatsa papaya, bambo. China sindidziwa."

"Papaya," anatero a Rabson. "Edina, kamange katundu."

Edina anadzuka akulira. Ine ndinangogwira mphasa. Pamenepo mpanda unagwedera, a G. n'kutulukira, n'kugwada poyera, pamaso panga.

"Amalume, amayiwa sanaike kanthu. Chimene achotsa ndi loko wa kuchimbudzi." Anapitiriza. "Kiyi amakhala pamutu pawo. Ine ndimaopa kukatenga. Adziwa okha, asamuka pakhonde pawo chifukwa cha ine, ndipo apa akulola kutchedwa mfiti kuti ine ndisachite manyazi. Ine pano sindichoka."

Woyamba kuseka anali a Violet, anagwa chagada. Edina anaphimba nkhope ndi chitenje, mapewa akugwedezeka, kulira kutasanduka kwina. A Rabson anayesa kulimba, anatsokomola, kenako chinawaphulika mpaka kupukuta misozi ndi jekete. "Iwe, miyezi yonseyi? Ife kumeneko mpaka kusala kudya chifukwa cha iwe!" Atapuma anavula chipewa n'kundipepesa mwaulemu wonse. Ndinawakhululukira msanga, nkhuku inali itaphedwa kale.

Dzuwa litapendeka ndinamva sitepe kumbuyo kwanga. A G., khasu ndi piki paphewa. Sanatume Edina. Anaima chapatali pang'ono n'kunena okha: "Amama, ndimati ndikumbe chimbudzi chathu. Mundilozere malo."

Ndinadzuka, ndinawatsogolera kuseri kwa nyumba yawo, ndinaloza. Ndinati, "Apa, ndipo chitseko chiyang'ane uko, kosaona ine." Anaseka, inenso ndinaseka, ndipo tisanakumbuke zoyang'ana kumbali ndinawaona nkhope bwinobwino koyamba. Ali ndi kampata pakati pa mano, mwana wanga ameneyu.