Mluzu wa Mlonda

17 Novembala

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu anga ndi khanda lathu latsopanolo. Chithunzi munatumiza chija amayi achiika pamwamba pa wailesi yaikulu pabalaza, ndipo mlendo aliyense sakhala pansi asanauzidwe kuti makutu a mwanayo ndi a agogo ake.

Ndasankha kulemba m'malo moimba foni chifukwa mukanandidula pakamwa ndisanafike pakati. Khalani pansi, muwerenge mpaka kumapeto, kenako mundikalipire mmene mungafunire. Koma choyamba dziwani ichi: bambo ali moyo, ali kunyumba, akudya bwino, ndipo dzulo lomweli andinena kuti ndine mbuli. Sindinayambe ndasangalalapo chotere ndi kutukwanidwa.

Masabata asanu ndi awiri apitawo bambo anagwa kushopu. Ankawotcherera waya m'wailesi ya kasitomala, ndipo atelala oyandikana nawo aja atamva chinthu chikugwa anathamangira n'kuwapeza ali pansi pakati pa masipika. Adokotala anati ndi sitiroko. Dzanja ndi mwendo wakumanja zinafooka, koma chimene chinatiopsa kwambiri n'chakuti mawu anawathawa. Maso ankaona, makutu ankamva, pakamwa zii.

Masiku amenewo alamu anali atagonekedwa kuchipatala, inu muli pakati pa mantha anu. Amayi anati tisakusenzetseni mitolo iwiri, ine n'kuvomera, ndiye musawaimbe mlandu okha. Kumbukirani mmene munkaimbira, ine n'kumakuuzani kuti bambo agona, bambo apita kukagula mabatire, bambo ali m'bafa. Tsiku lina munati, "Kodi mdalayo akusamba kangati patsiku?" Ndinaseka nanu, koma nditadula foni ndinalira m'khonde la chipatala mpaka mayi wokolopa anandipatsa mpando.

Mukuwadziwa bambo. Munthu amene sanalolepo nyimbo kutha pawailesi asanaipatse mbiri yake. "Mukudziwa chifukwa chake nyimbo zambiri zimatha pa mphindi zitatu? Zimbale zakale za galamafoni sizinkanyamula zoposa pamenepo mbali imodzi." Kapena ija yoti nyimbo zina zotchuka zinaikidwa kuseri kwa chimbale ngati zongodzazira malo, anthu n'kuzikonda kuposa zakumaso. Inu munkakhala nawo kushopu n'kumamvetsera. Ine ndikangomva "Mukudziwa kuti..." ndinkakumbukira mwadzidzidzi kuti ndasiya madzi pamoto. M'chipatala muja ndinkalakalaka atangonena kamodzi kokha, ngakhale ija tinaimva kambirimbiri.

Kunkabwera mayi wina wophunzitsa odwala kulankhula, munthu woleza mtima kwambiri. Ankawaonetsa zithunzi: kapu, supuni, mpando. "Ichi n'chiyani, bambo?" Iwo ankangomuyang'ana n'kutembenukira kukhoma. Sabata yachitatu ikutha, mayiyo anatiitanira panja n'kutiuza kuti ena mawu amabwerera, ena sabwerera, tikonzekere zonse ziwiri. Amayi anangoti, "Zikomo," n'kukapinda bulangete lomwe linali lopinda kale.

Loweruka lake masana amayi anapita kukatsuka makapu, ine n'kutsala nawo. Chete anandikwana, ndiye ndinaika pafoni nyimbo ija amaikonda ya gulu la anyamata a kunjanji, ya njinga yobwereka, yoyamba ndi mluzu. Pabedi loyandikana panali mkulu wina, dalaivala wa basi, mwendo uli m'chikhakha. Iye anatukula mutu.

"Aaa, mwandikumbutsa kutali! Kodi mluzuwo amaimba ndani?"

Ine osaganiza n'komwe ndinati, "Ndi woimbayo, mwini wake nyimboyo."

Achimwene, bedi la bambo linagwedezeka. Nditacheuka ndinaona nkhope yawo itakwinyika, dzanja lamanzere likumenya matiresi. Ndinaganiza kuti matenda abwereranso. Ndikuti ndikuwe, ndinamva mawu okhakhala ngati chitseko cha dzimbiri:

"A... ayi."

Ndinagwada pafupi. "Bambo, mwati chiyani?"

Analimbana nalo liwulo mpaka thukuta pamphumi. "Mlo... mlonda."

Apa ndiye mundiseke. Ine ndinadzuka liwiro, kutsika masitepe onse aja mpaka pageti, n'kumugwira mkono mlonda wa chipatala. "Bwerani msanga, bambo anga alankhula, akukufunani!" Munthu wosalakwayo anabwera ndi chibonga chake m'manja, wefuwefu, n'kuima kumiyendo kwa bedi.

"Ndabwera, bwana. Chavuta n'chiyani?"

Bambo anamuyang'ana mlondayo, kenako ine, n'kutseka maso ngati munthu amene watopa ndi ana opusa. Nthawi yomweyo amayi analowa ndi makapu awo. Nditawafotokozera zonse, kuyambira funso la dalaivala, anaika makapuwo pansi pang'onopang'ono, n'kukhala pamphepete pa bedi, n'kuyamba kuseka misozi ili chuchuchu.

"Mwana iwe," anatero, "zaka zonsezi unali kuti? Sakufuna mlonda uyu. Akuti mluzuwo anaimba ndi mlonda wa pamalo pojambulira nyimbo, ankaitana galu wake panja pa zenera. Anyamatawo anali ndi tepi imodzi yokha, ndiye anangousiya momwemo. Ine nkhani imeneyi ndinaimva tsiku loyamba kukumana nawo, ndipo sanasiye kundiuza."

Bambo anatsegula maso n'kunena momveka bwino, "Galu." Dalaivala uja anaomba m'manja, mlonda naye anavula chipewa, ngakhale sindikhulupirira kuti anamvetsa chomwe anaitanidwira.

Lolemba ndinamuuza mayi wophunzitsa kulankhula uja. Anatseka buku lake la zithunzi n'kundiuza kuti, "Ndiye ziwanamizani. Tsiku lililonse, katatu, ngati mankhwala." Kuyambira pamenepo ntchito yanga ndi imeneyo. Ndikaweruka ndimakhala pafupi nawo n'kunena molimba mtima kuti gitala ili ndi nsambo zinayi, kapena kuti anyamata a kunjanji anali asanu ndi awiri. Iwo amafufuma, n'kuyamba kulikoka liwu mpaka litatuluka. Sabata yoyamba linkatuluka limodzilimodzi. Tsopano amalumikiza atatu kapena anayi, ndipo mwa amenewo limodzi limakhala londinyoza. Ndikuganiza kuti anatulukira kale chimene ndikuchita, koma mtima wawo sungalole bodza lidutse.

Vuto langa ndi ili, ndipo ndi pempho langa kwa inu. Kuti unamize munthu uyenera kudziwa choona, ndipo ine ndinathawa sukulu yawo. Lachinayi ndinapeka zoti woimba ng'oma wa gulu lija ankamenya sutikesi chifukwa ng'oma inaiwalika m'sitima. Bambo anangogwedeza mutu kuvomereza, n'kundiyang'ana monyadira. Zinali zoona! Tsiku limenelo mankhwala anapita pachabe. Chonde khalani pansi mulembe zonse zimene mukukumbukira za kushopu kuja, zazikulu ndi zazing'ono zomwe, munditumizire kuti ndizizipotoza bwino. Mukapezanso nsapato zopanda zingwe, zongolowetsa phazi, nambala naini, zingawathandize, chifukwa kumanga zingwe kukuwavutabe ndipo safuna kumangiridwa.

Sindikunamizaninso: sanachiriretu. Amayenda ndi ndodo, dzanja lamanja likadali lolemera, ndipo dzina langa limawasowa masiku ena. Kushopu sabwererako msanga, mwina sadzabwererakonso. Atelala akutisungira makiyi. Koma adokotala akuti choopsa chadutsa, ndipo amayi ayambiranso kugona tulo ndi kukangana nawo za mchere. Ngati mwakwiya kuti tinakubisirani, muli ndi ufulu. Ine ndikanakwiya koposa. Mundikhululukire pamene mtima wanu udzalole.

Amayi akupereka moni kwa inu ndi kwa alamu, akuti mwanayo muzimufunditsa kumutu. Atelala nawo akuti moni. Lamulungu masana muimbe foni. Ndidzawapatsa bambo, koma mudzakhale odekha, musadzawamalizire mawu, amadana nazo.

Ndawauza kuti ndikukulemberani, ndipo ndawafunsa choti ndikuuzeni. Anayang'ana pepalali n'kundilanda cholembera. Mzere wokhotakhota mukuuona pansipawu si ine ndadetsa kalata. Alemba okha ndi dzanja lamanzere, ndipo zawatengera mphindi khumi, osalola kuthandizidwa. Ngati simutha kuwerenga, akuti: "Bwera naye ndimuone."

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Chitsiriza wa m'nyumba mwathu